Mafuta Obisika M'mimba ndi Khansa ya M'matumbo

Aliyense amene anaonererapo mbuzi ikusendedwa pa Naisi, kaya ndi pa chinkhoswe, pa sadaka kapena pa tsiku la Idi, akudziwa kuti nyama ili ndi mafuta a mitundu iwiri. Mafuta oyamba amaoneka chikopa chikangochotsedwa, atayala pamwamba pa mnofu. Mafuta achiwiri saoneka kufikira mimba itatumbulidwa. Ena mwa iwo amakuta matumbo ngati ukonde, ena amakhala m'kansalu kopyapyala kamene kamagwira matumbowo, ndipo ena amaunjikana mozungulira impso. Wosenda nyama wozolowera amadziwanso kuti mbuzi ziwiri zooneka zofanana kunja zikhoza kusiyana kwambiri m'kati.

Thupi la munthu nalonso lili chomwecho. Pali mafuta a pansi pa khungu, amene munthu angathe kuwatsina ndi zala, ndiponso pali mafuta a m'kati mwa mimba, amene ali kuseri kwa minofu, pakati pa matumbo, kumene zala sizifika. Kwa nthawi yaitali madotolo analibe njira yoyezera mafuta a m'katiwa mwa munthu wamoyo popanda kumng'amba. Lero njirayo ilipo, ndipo yaonetsa kuti kwa wodwala khansa ya m'matumbo, malo amene mafuta ali ndi nkhani yaikulu kuposa kulemera kwa thupi lonse.

Nthenda ya m'matumbo aakulu

Chakudya chikachoka m'chifu chimadutsa m'matumbo aang'ono, m'mene thupi limayamwa zofunika zake. Zotsala zimalowa m'matumbo aakulu, amene kutalika kwake ndi pafupifupi mita imodzi ndi theka, ndipo m'menemo madzi amayamwidwa, chimbudzi nkuumbika. Khansa imene ikukambidwa pano imamera m'matumbo aakuluwa kapena m'chigawo chake chotsiriza, pafupi ndi potulukira chimbudzi. Kawirikawiri imayamba ngati kanjerewere kakang'ono pa khoma la m'kati mwa thumbo. Kanjerewereko sikapweteka, ndipo kangathe kukhala zaka khumi kapena kuposapo kasanasanduke chotupa choopsa.

Pa dziko lonse lapansi khansa imeneyi ndi yachitatu pa makhansa ogwira anthu ambiri, ndiponso yachiwiri pa makhansa opha anthu ambiri. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, linawerengera kuti m'chaka cha 2022 anthu pafupifupi 1.9 miliyoni anapezeka nayo, ndipo pafupifupi 900,000 anamwalira. M'Malawi muno makhansa amene amadzaza zipatala ndi a khomo la chiberekero, a kummero, a m'mawere ndi ya pakhungu yotchedwa Kaposi sarcoma. Ya m'matumbo siifika pa chiwerengero cha amenewa, koma ilipo, ndipo odwala ambiri amafika kuchipatala itakula kale.

Dotolo wina wa ku Ireland, Denis Burkitt, amene anagwira ntchito zaka zambiri pa chipatala cha Mulago mu mzinda wa Kampala ku Uganda, anadabwa kuona kuti nthendayi inali yosowa pakati pa anthu a m'midzi ya mu Africa pamene ku Ulaya inali yofala. M'chaka cha 1971 iye analemba kuti kusiyanaku kunali kaamba ka zakudya. Anthu a m'midzi ankadya chimanga chosakonola, nyemba ndi masamba, zakudya zokhala ndi gaga ndi ulusi wambiri zimene zimathandiza chimbudzi kudutsa msanga. Kafukufuku wa pambuyo pake anavomereza kuti zakudya zotere zimachepetsadi ngozi ya nthendayi, koma anapezanso zifukwa zina: fodya, mowa, nyama zokonzedwa m'fakitale monga soseji, kukhala osagwiritsa ntchito thupi, mtundu wa ku banja, ndi kunenepa. M'chaka cha 2016 bungwe lofufuza za khansa la IARC, limene lili mu mzinda wa Lyon ku France, linalengeza kuti pali umboni wokwanira wakuti kunenepa kopitirira kumachulukitsa ngozi ya makhansa a mitundu 13, ndipo ya m'matumbo aakulu ili pakati pake.

Sikelo sinena zonse

Munthu angayerekeze abambo awiri a m'chigwa cha Domasi, ofanana msinkhu, ndipo aliyense akulemera makilogalamu 75. Woyamba ndi mlimi wa mpunga, amene tsiku ndi tsiku amagwira khasu ndi kupalasa njinga yosenza matumba. Wachiwiri ali ndi golosale, amakhala pa mpando kuyambira m'mawa kufikira madzulo, miyendo ndi mikono yake ndi yoonda koma mimba ili patsogolo, yolimba ngati ng'oma. Sikelo ya pa chipatala idzanena kuti awiriwa ndi ofanana. Ngakhale muyeso wotchedwa BMI, umene umayerekeza kulemera ndi msinkhu, udzapereka nambala imodzimodzi. Chikhalirecho makilogalamu a woyambayo ndi minofu, pamene ambiri a wachiwiriyo ndi mafuta ounjikana pakati pa matumbo.

Kusiyana kotereku kunazindikirika kale makina ojambulira asanabwere. M'chaka cha 1947 dotolo wa ku Marseille ku France, dzina lake Jean Vague, analemba kuti anthu onenepa m'mimba ndi kumtunda kwa thupi amadwala matenda a shuga ndi a mtima kuposa anthu onenepa m'matako ndi m'ntchafu. Kunenepa kwa mtundu woyamba nkofala mwa abambo, kwachiwiri mwa amayi, ngakhale kuti mayi akasiya kusamba mafuta ake amayambanso kusonkhana m'mimba.

Chifukwa chake nchakuti mafuta a m'kati mwa mimba sangokhala chete ngati chimanga m'nkhokwe. Iwo amatulutsa timadzi tosiyanasiyana timene timalowa m'magazi, ndipo magazi ochokera m'matumbo amapita choyamba ku chiwindi kudzera mu mtsempha umodzi waukulu. Mafutawo akachuluka, chiwindi chimalandira mafuta ochuluka pamodzi ndi timadzi toyambitsa kutukusira kwa m'kati kumene sikuoneka ndi maso. Pamenepo thupi limaleka kumvera bwino insulini, amene ntchito yake ndi kutsitsa shuga m'magazi, ndipo kapamba amakakamizika kutulutsa insulini wochuluka. Insulini wochuluka pamodzi ndi kutukusira kosatha zimalimbikitsa maselo kuswana msanga, ndipo m'malo otere kanjerewere ka m'thumbo kamapeza nthaka yachonde.

Makina oona m'kati

Cheza cha X-ray chinatulukiridwa m'chaka cha 1895 ndi Wilhelm Röntgen wa ku Germany. Chithunzi cha X-ray wamba chimaonetsa bwino mafupa ndi mapapo, koma ziwalo zofewa za m'mimba zimasanjikizana pa chithunzicho ngati mithunzi ya anthu oimirira pa mzere umodzi. Vutoli linathetsedwa ndi anthu awiri amene sanagwire ntchito pamodzi. Woyamba ndi Allan Cormack, wobadwira ku Johannesburg, amene m'chaka cha 1956 ankathandiza pa chipatala cha Groote Schuur ku Cape Town. Kumeneko anayamba kuganizira masamu owerengera zimene zili m'kati mwa thupi pogwiritsa ntchito cheza cholowera mbali zambiri. Wachiwiri ndi injiniya wa ku England, Godfrey Hounsfield, amene anapanga makina enieniwo. Wodwala woyamba anajambulidwa mutu m'chaka cha 1971 pa chipatala cha Atkinson Morley ku London, ndipo m'chaka cha 1979 awiriwa analandira mphotho ya Nobel. Makinawo ndi amene lero amatchedwa CT sikani.

Wodwala amagona pa kabedi kopapatiza kamene kamalowa pang'onopang'ono m'chibowo chachikulu chozungulira. M'kati mwa chibowocho muli chipangizo chotulutsa cheza, chimene chimazungulira thupi mofulumira, ndipo mbali inayo muli zipangizo zolandira cheza chimene chadutsa. Kompyuta imasonkhanitsa miyeso yonseyo ndi kupanga zithunzi za thupi ngati kuti ladulidwa mopingasa, monga mmene munthu amadulira thunthu la nthochi ndi kuona mizere yake yonse kuchokera kunja kufikira pakati. Mpeni sukhudza wodwalayo, ndipo kujambula kwenikweniko kumatha m'kanthawi kochepa.

Chiwalo chilichonse chimatchinga cheza mosiyana ndi chinzake. Fupa limatchinga kwambiri, mnofu pang'ono, mafuta pang'ono kuposa mnofu, ndipo mpweya sutchinga konse. Kadontho kalikonse ka pa chithunzi kamapatsidwa nambala, ndipo manambalawa amatchedwa ndi dzina la Hounsfield. Madzi anapatsidwa 0, mpweya -1000. Mafuta amagwera pansi pa 0, pakati pa -190 ndi -30, pamene minofu imawerengedwa kuyambira -29 kufikira 150. Mafupa amapitirira pamenepo kutalitali. Motero kompyuta ingathe kuuzidwa kuti ipake mtundu umodzi pa madontho onse a mafuta, ndi mtundu wina pa madontho onse a minofu.

Kawerengedwe ka chithunzi

Kujambula mimba kumatulutsa zithunzi mazanamazana, koma woyeza mafuta safunika kuziwerenga zonse. Kumunsi kwa msana, pakati pa nthiti zotsiriza ndi chiuno, kuli mafupa asanu osanjikizana. Ofufuza anapeza kuti chithunzi chimodzi chodutsa pa fupa lachitatu mwa asanuwa, limene lili chakufupi ndi mzere wa mchombo, chimapereka chiyerekezo chabwino cha mafuta ndi minofu ya m'thupi lonse. Fupalo amalitchula kuti L3.

Pa chithunzicho minofu ya khoma la mimba imaoneka ngati mpanda wozungulira. Katswiri amatsata mpandawo ndi mzere. Mafuta onse a kunja kwa mpanda ndi a pansi pa khungu, ndipo a m'kati mwa mpanda ndi aja a pakati pa matumbo. Kenaka kompyuta imawerenga kukula kwa malo amene mtundu uliwonse watenga, m'masikweya sentimita. Akatswiri a ku Japan anakhazikitsa kuti mafuta a m'kati akafika masikweya sentimita 100 pa chithunzi chodutsa pa mchombo, ngozi ya matenda imayamba kukwera. Malo otere ndi ofanana ndi kapepala ka masentimita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi. Ena amagawa nambala ya mafuta a m'kati ndi ya mafuta a kunja kuti aone mbali imene yalemera.

Malire ngati amenewa anapezeka poyeza anthu a ku Japan, ku Ulaya ndi ku America, ndipo mitundu ya anthu siisunga mafuta mofanana. Kafukufuku wa ku South Africa anaonetsa kuti amayi akuda amakhala ndi mafuta ochepa a m'kati poyerekeza ndi amayi achizungu onenepa mofanana nawo. Pa chifukwa chimenechi dotolo wanzeru satenga nambala ya ku Japan ngati lamulo kwa mayi wa kwa Malemia. Amaiyang'ana pamodzi ndi zina zonse zimene waona mwa wodwalayo.

Palinso makina ena. A MRI amagwiritsa ntchito maginito m'malo mwa cheza cha X-ray ndipo amalekanitsa mafuta bwino lomwe, koma ndi okwera mtengo ndiponso amatenga nthawi. Chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre chinalandira makina a mtundu umenewu m'chaka cha 2008, makamaka pofuna kufufuza malungo a mu ubongo mwa ana. Sikani ija imene amayi oyembekezera amaidziwa, yogwiritsa ntchito mafunde a phokoso, nayonso ingathe kuyeza mtunda wa pakati pa khoma la mimba ndi msana, koma muyeso wake ndi wongoyerekeza.

Phindu lake kwa wodwala khansa

Munthu akapezeka ndi khansa ya m'matumbo, madotolo amafuna kujambula mimba ndi chifuwa kuti aone kukula kwa chotupacho ndiponso ngati chafalikira ku chiwindi kapena ku mapapo. Chithunzi cha pa L3 chimakhala kale pakati pa zithunzi zimenezi. Kuyeza mafuta sikufuna ulendo wina, ndalama zina kapena cheza china. Mfundo imeneyi njofunika, pakuti kujambula mimba kamodzi ndi CT kumapatsa thupi cheza chofanana ndi chimene munthu amalandira kuchokera ku nthaka ndi mlengalenga m'zaka pafupifupi zitatu. Kawirikawiri dotolo satumiza munthu wathanzi ku makinawa pofuna kungodziwa mafuta ake.

Woyamba kupindula ndi dotolo wa opaleshoni. Mankhwala aakulu a khansa imeneyi ndi kudula chigawo cha thumbo chimene chili ndi chotupa, ndi kulumikiza mbali ziwiri zotsalazo. Pamodzi ndi thumbolo amachotsanso kansalu kamene kamaligwira, chifukwa m'menemo muli tinthu tonga nyemba, tofanana ndi tija timatupa m'mphechepeche munthu akakhala ndi mwanabele, ndipo khansa ikayamba kuyenda imafikira m'menemo. Akatswiri amafuna kupima tinyemba tosachepera 12 kuti adziwe bwino pamene nthenda yafika. Mafuta a m'kati akachuluka, tinyembato ndi mitsempha ya magazi zimakwiririka, malo ogwirira ntchito amachepa, makamaka m'chiuno chopapatiza cha abambo, ndipo opaleshoni imatenga nthawi yaitali. Kafukufuku wa m'maiko osiyanasiyana wapeza kuti odwala otere amakumana kawirikawiri ndi bala lochita mafinya ndiponso kudontha kwa polumikizira thumbo. Dotolo amene wadziwiratu zimenezi amakonzekera nthawi yokwanira, magazi oonjezera ndi chisamaliro chapadera pambuyo pa opaleshoni.

Phindu lachiwiri lili pa mankhwala olimbana ndi khansa, monga 5-fluorouracil ndi oxaliplatin. Mlingo wa mankhwalawa umawerengedwa kuchokera ku msinkhu ndi kulemera kwa wodwala. Abambo awiri aja a makilogalamu 75 angalandire mlingo wofanana, chonsecho matupi awo sadzaulandira mofanana. M'chaka cha 2008 ofufuza a ku Edmonton m'dziko la Canada anaonetsa kuti pakati pa odwala khansa onenepa pali ena amene minofu yawo inatha kale, mafuta nkumabisa kuondako, ndipo odwala oterewa sakhala moyo nthawi yaitali poyerekeza ndi anzawo a minofu yokwanira. Kafukufuku wina wapezanso kuti odwala ochepa minofu amavutika kwambiri ndi ukali wa mankhwala. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kuyeza kumeneku sikunafike pokhala lamulo m'zipatala zonse. M'malo ambiri kukadali m'manja mwa ofufuza, ndipo si kafukufuku yense amene wapeza zofanana pa nkhani ya zaka zimene wodwala wa mafuta ambiri a m'kati angakhale ndi moyo. Chimene chikugwirizana kwambiri ndi cha zovuta za pa opaleshoni ndi cha kuopsa kwa kutha kwa minofu.

Wodwala wofika ataonda

Kwa odwala ambiri a m'Malawi vuto limakhala la mbali inayo. Munthu amene wakhala miyezi yambiri akutaya magazi m'chimbudzi, osalakalaka chakudya, amafika kuchipatala atatha thupi. Khansa yokula imadya mafuta ndi minofu yomwe, ndipo chakudya chokha sichikwanira kubwezeretsa zonse. Pa chithunzi cha pa L3 cha munthu wotere mafuta a pansi pa khungu amaoneka ngati kamzere chabe, ndipo minofu ya m'mbali mwa msana imakhala yofota. Chithunzicho chimachenjeza dotolo kuti wodwalayo afunika kulimbikitsidwa ndi zakudya zomanga thupi, monga nyemba, nsinjiro, mazira, matemba ndi mkaka, ndiponso kuyendayenda pang'ono tsiku ndi tsiku asanalowe m'chipinda cha opaleshoni. Choncho wodwala khansa asadzimane chakudya poganiza kuti akuchepetsa mafuta. Nthawi yochepetsa mimba ndi pamene munthu ali bwino.

Njira yochokera pa Naisi

Makina a CT sapezeka m'zipatala zazing'ono. Ulendo wa wodwala wa pa Naisi, pa Songani kapena ku Domasi umayambira pa chipatala chapafupi, kumene amamuyeza ndi kumulembera kalata yopita ku chipatala chachikulu cha Zomba. Pakafunika zoyeza kapena chithandizo chimene sichili pamenepo, amatumizidwa ku Queen Elizabeth ku Blantyre, kapena ku chipatala cha khansa cha dziko lino chimene chili pa Kamuzu Central ku Lilongwe. Chotsimikizira nthendayi ndi kulowetsa kapaipi kofewa kokhala ndi kamera m'matumbo ndi kutapa kanyama ka pa chotupa kuti kakapimidwe. Kujambula kumabwera pofuna kudziwa pamene nthenda yafika.

Ulendowu umayenda bwino ukayambika msanga. Zizindikiro zoyenera kupita nazo kuchipatala ndi izi: magazi m'chimbudzi kapena chimbudzi chakuda bii, kutsekula m'mimba kapena kudzimbidwa kumene kwapitirira masabata atatu, kumva ngati chimbudzi sichinathe munthu atachoka kale kuthengo, kupweteka kwa m'mimba kosatha kapena chotupa chogwirika, kuonda popanda chifukwa, ndi kufooka kobwera ndi kuchepa kwa magazi. M'dera la madambo ndi minda ya mpunga ngati la kufupi ndi nyanja ya Chilwa, magazi m'chimbudzi kawirikawiri amayamba kaamba ka kamwazi, likodzo kapena mitsempha yotupa ya potulukira chimbudzi. Nchifukwa chake khansa imabisala mosavuta. Munthu amene wamwa mankhwala a matenda amenewa koma magazi osaleka ayenera kubwerera kuchipatala ndi kunena momveka kuti sanachire. Manyazi otchula za chimbudzi achedwetsa anthu ambiri. Amene kholo lake kapena m'bale wake wa bere limodzi anadwalapo khansa ya m'matumbo auze dotolo zimenezi, pakuti nthendayi imatha kuyenda m'banja.

Muyeso wa chingwe

Munthu wathanzi ali ndi njira yake yoyezera mimba, yosalira magetsi. Bungwe la WHO limanena kuti ngozi ya matenda imayamba kukwera mimba ya bambo ikafika masentimita 94 kuzungulira, ndipo ya mayi wosayembekezera ikafika masentimita 80. Imakula kwambiri pa masentimita 102 kwa bambo ndi 88 kwa mayi. Tepi ya telala ndi yokwanira. Imazungulizidwa pakati pa nthiti yotsiriza ndi fupa la chiuno, munthu ataimirira ndiponso atatulutsa mpweya, osakoka mimba. Kumene kulibe tepi, chingwe chimagwira ntchito. Munthu ayeze msinkhu wake ndi chingwe kuchokera ku chidendene kufikira pa liwombo, achipinde pakati, ndipo achizungulize m'mimba. Nsonga zake zikalephera kukumana, ndiye kuti mimba yaposa theka la msinkhu, ndipo mafuta a m'kati ayenera kuti achuluka.

Nkhaniyi yasiya kukhala ya m'mizinda yokha. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti amayi 21 mwa 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 49 anali onenepa kupitirira muyeso, pamene m'chaka cha 1992 anali pafupifupi 10. Mgaiwa wayamba kuonedwa ngati chakudya cha osauka, tchipisi cha pa chiwaya ndi zakumwa zotsekemera zafika pa misika yonse, ndipo ulendo umene kale unali wapansi lero ndi wa njinga yamoto. Mimba yaikulu imalemekezedwa ngati chizindikiro cha ndalama, ndiponso zaka zoopsa za Edzi zinaphunzitsa anthu kuopa kuonda. Maganizo amenewa ali ndi chiyambi chake chomveka, koma matumbo sawadziwa.

Chotonthoza mtima nchakuti mafuta a m'kati amasungunuka msanga munthu akayamba kugwiritsa ntchito thupi, ngakhale sikelo isanasinthe kwenikweni. Kuyenda mwandawala kwa theka la ola masiku asanu pa sabata, kubwerera ku nsima ya mgaiwa, nandolo, khobwe, nkhwani ndi bonongwe, kuchepetsa shuga ndi zokazinga, kusiya fodya ndi kuchepetsa mowa, zonsezi zimateteza ku khansa ya m'matumbo, matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi nthawi imodzi. Zambiri mwa zakudya zimenezi zimamera m'minda ya m'chigwa cha Domasi momwemo, ndipo chingwe choyezera mimba chilipo pa khomo lililonse.